Ndinawauza kuti alowere pachibowo cha mpanda

Ndikudziwa kuti ena akawerenga izi anena kuti mayiyu wangopeka, koma ndikufunseni, munthu angapeke nkhani imene woipa wake ndi iye mwini? Zimene ndikulembazi zinachitikadi, kuno ku Chawama mu Lusaka, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu amene mpaka lero timagulira tomato pamsika umodzi. Sinditchula dzina la munthu kapena la sukulu, chifukwa ena mwa anthuwo ali ndi ana, ndipo anawo sanalakwe kanthu. Papita zaka ndithu, koma nkhaniyi imandidyabe mumtima, ndiye ndaona kuti bola ndiulule, mwina ndingapumeko.

Ine ndinabadwira momuno m'komboni, ngakhale agogo anga aamuna anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, ndipo ndimagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika. Chaka chimene korona inafika, mwana wanga wachisamba anali mu giledi seveni pasukulu ina yaing'ono yoyendetsedwa ndi makolo, ya makalasi asanu okha, ndipo ine ndinali m'komiti ya sukuluyo. Kunena zoona, m'komitimo ndinalowa chifukwa cha pakamwa, poti pamsonkhano sindikhala chete, ndipo anthu amayesa kuti wolongolola ndiye wogwira ntchito. Sukulu zitatsekedwa, mtsikana wangayo ankangokhala pakhomo, mabuku atawaiwala, maso ali pamsewu, ndipo mayi aliyense wa m'komboni akudziwa zimene zimachitika mwana wamkazi akayamba kuzolowera kuima pageti. Choncho titamva kuti ana a makalasi olemba mayeso abwerere kusukulu, palibe amene anasangalala kuposa ine.

Koma kutsegulako kunali ndi malamulo ake. Ahedi athu, mayi wamfupi wosakonda zoseka, anatiitanitsa ife akomiti pabwalo la sukulu, aliyense pabenchi yake ngati takangana, n'kutiwerengera zimene akuluakulu a zamaphunziro ankafuna. Pankafunika ndowa zokhala ndi mpopi pakhomo la kalasi iliyonse, sopo, masiki kwa mwana aliyense, madesiki otalikirana, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi pageti, ndiponso kuti makalasi ndi zimbudzi zipoperedwe mankhwala. Oyendera sukulu anali oti abwera Lolemba, ndipo akapeza chimodzi chokha chisanachitike, geti likhalabe lotseka. Tinagawana ntchito, wina za ndowa, wina zosoka masiki, ndipo pamene anafika pa zopopera ine ndinaimika dzanja msangamsanga n'kunena kuti zimenezo andisiyire, munthu wake ndikumudziwa.

Ndinkawadziwadi. Anali bambo ena a ku komboni ya Misisi, achikulire pang'ono, opemphera mpingo umodzi ndi ife koma kunthambi ya kwawo, amene ntchito yawo inali yoyenda m'makomo kupopera nsikidzi ndi mphemvu. Kwathu anali atapoperako kawiri, ndipo anali munthu wofatsa woti akamaliza ntchito amakubwezera mipando pamalo pake, chinthu chimene ngakhale amuna anga sachita. Tinapangana pafoni kuti abwere Loweruka mmawa. Ahedi anandipatsa kiyi wa geti, koma asanandipatse anamugwira kaye m'manja n'kundiyang'ana m'maso, amvekere ntchito yanga yeniyeni si kutsegula geti ayi, koma kuyenda khomo ndi khomo kwa onse ozungulira sukulu, komanso kwa atcheya a dera lathu, kuwauza kuti Loweruka kubwera munthu wovala zoyera ndi pampu kumsana, asadabwe. Anabwereza katatu, mpaka ine kuyamba kunyansidwa, kuti kodi mayiwa akundiyesa mwana?

Kwa inu amene simunali ku Lusaka nthawi imeneyo, ndifotokoze chifukwa chimene ahedi analimbikira chonchi. Miyezi yochepa korona isanafike, m'makomboni monse munali mantha a gasi. Kunkamveka kuti kuli anthu oyenda ndi mankhwala amene akupopera m'nyumba ndi m'masukulu kuti anthu akomoke, ena amvekere n'cholinga choti awapope magazi. Zoona zake zinali ziti, ine mpaka lero sindidziwa, koma mantha okha anali enieni. Khomo lililonse linali ndi wezulo, ndipo wina akangoimba, anthu ankatuluka ndi miyala, zikwanje ndi mipini. Mlendo wonyamula chikwama kapena botolo losadziwika ankayenda moyo uli m'manja, ndipo anthu osalakwa anafa ndithu. Pafupi ndi msika wathu panali malo akuda pamene anawotcherapo munthu, ndipo ndinkawalambalala tsiku lililonse popita kukayala salaula. Korona itabwera nkhani ya gasi inazilala, koma mawezulo aja palibe anataya.

Ndiye mukuona kuti ndinkadziwa zonse. Sindinganame kuti sindinauzidwe. Lachinayi ndinati ndiyenda mawa, poti tsikulo kunatsegulidwa belo latsopano la zovala ndipo wochedwa amatola zotsala. Lachisanu ndinafika mpaka pakona ya sukulu, ndinakumana ndi mnzanga wina, tinayamba za uyu wadwala, uyu wathawidwa ndi mwamuna, mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinati aaa, anthu ake ndi omwewa, onse amandidziwa, ndidzawauza mmawa pomwe ndikutsegula geti. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine mwambi umenewu ndimaudziwa bwino chifukwa ndimakonda kuwuponyera ana anga.

Loweruka lija, m'malo molawirira kusukulu, ndinalawirira kokaluka tsitsi. Inde, tsitsi. Ndinkafuna kuti oyendera sukulu akabwera Lolemba aone kuti komiti ili ndi amayi ooneka bwino, ngati kuti korona imaopa mesh. Ndinawerengera kuti pofika nthawi imene tinapangana ndikhala nditamaliza, koma wolukayo anachedwa kuyamba, ndipo foni inalira mutu wanga utalukidwa mbali imodzi yokha. Anali bambo aja, akuti afika, aima pageti, ndipo ali ndi ntchito ina masana ku komboni ya Kuku, kodi ndili kutali? Apa ndi pamene ndinalakwira chenicheni. Kuseri kwa sukulu, mpanda wa mabuloko unali ndi chibowo chimene ana ochedwa ankalowera, ndipo zitseko za makalasi zinkangomangidwa ndi waya. Ndinawauza kuti azungulire kuseri, alowere pachibowopo, ayambe ntchito, ine ndibwera pompano. Anazengereza, anafunsa ngati anthu ozungulira auzidwa, ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati onse akudziwa, asade nkhawa.

Tangoganizani zimene mayi wina amene nyumba yake inayang'anizana ndi mpandawo anaona pamene ankayanika zovala. Anaona munthu wovala ovololo yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yobisika, chithanki kumsana, akukwawa kulowa pachibowo cha sukulu yotsekedwa, kenako akumasula waya pachitseko cha kalasi. Inuyo mukanaganiza chiyani? Mayiyo sindimamuimba mlandu ngakhale pang'ono. Akuti anayamba wadikira, anaitana mnzake, onse awiri anasuzumira, anamva pampu ikulira m'kalasimo, ndipo m'pamene wezulo woyamba analira.

Ine ndinamva mawezulo ndili pampando wolukira, poyamba patali, kenako paliponse, ndi zidebe zikuombedwa. Anthu ankathamanga kudutsa pakhomo pa saluni akukuwa kuti wa gasi wagwidwa kusukulu. Mtima wanga unadziwa nthawi yomweyo. Ndinadzambatuka, chipeso chili m'mutu, ndinathamanga liwiro la mtondo wadooka, patapata mmodzi n'kutsala m'ngalande osamutola. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndikangofika ndikuwa kuti musiyeni, ndi munthu wathu, ndine ndamutuma. Mawu ake ndinali nditawakonza bwinobwino, ndipo kiyi wa geti anali m'dzanja langa.

Nditafika ndinapeza atawakokera kale kunja, pamsewu wafumbi wa kuseri kwa mpanda. Anthu anali ochuluka moti ena anakwera pamadenga. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo, ndipo zimene ndinaona sindifuna kuzifotokoza zonse. Bambo aja anali atakhala pansi, ovololo itang'ambika, masiki atachotsedwa, mbali imodzi ya nkhope ili magazi okhaokha, manja atawakweza m'mwamba ngati mwana wopempha. Pampu inali itagwera poteropo. Ankayesa kufotokoza koma mawu awo ankamira m'phokoso. Amene ankawamenya sanali zigawenga zochokera kutali ayi, anali anthu oti ndimawadziwa, wometa tsitsi, wogulitsa makala, mayi wina amene timaimba naye kwaya. Ndiye ndinaona mnyamata wina wamkulu thupi akugubuduza tayala, wina akukuwa kuti abweretse petulo.

Apa ndi pamene bambo aja anandiona. Anatambasula dzanja kuloza ine n'kukuwa kuti, "Ba mai ba komiti, bauzeni! Bauzeni!" Anthu amene anali pafupi anatembenuka. Wa tayala uja anandiyandikira, maso ali psuu, n'kundifunsa kuti, "Imwe ba mai, mumuziba uyu munthu? Muli naye pamozi?" Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti phokoso linachuluka, kapena kuti ndinakomoka, koma ayi. Ndinamva funsolo bwinobwino. M'mutu mwanga munabwera malo akuda a kumsika aja, munabwera nkhani zoti woikira kumbuyo wa gasi naye amamuponya pamoto womwewo, munabweranso manyazi oti ndiulule pagulu kuti ndine ndinawalowetsa pachibowo chifukwa cha tsitsi. Ndinafumbata kiyi uja kuti asaoneke, ndinayang'ana kumbali, ndipo ndinayankha kuti, "Sinimuona bwino." Munthu woti wakhalapo pampando wa m'nyumba mwanga, wamwapo tiyi wanga, ali pamtunda wa mikono itatu, ine ati sindikumuona bwino. Nditangotero wina anaponya chidutswa cha buloko, ndipo chinawapeza padiso lakumanzere.

Amene anawapulumutsa si ine. Pakona ya msewuwo pali mayi wina wogulitsa mowa, wonenepa, wa mawu ngati a mwamuna, amene ife amayi a mpingo tinkamupatsa moni wa kumphuno. Mayiyo anabwera akukankha anthu ngati matumba, chitenje chili m'khosi, anafika n'kuima pakati pa bambo aja ndi tayala. Anatukwana mawu oti sindingawalembe pano, n'kunena kuti munthuyu amamudziwa, amapopera mphemvu m'bala mwake mwezi ndi mwezi. Anthu atakuwa kuti naye ndi wa gasi, iye anatola pampu ija, anaipopa, n'kudzithira mankhwalawo m'manja ndi pachifuwa, kenako n'kuyamba kutambasulira anthu manja ake kumphuno mmodzimmodzi. "Nunkhizani, imwe vipuba! Ni klorini chabe iyi, yamene mumaika mu manzi nthawi ya kolera! Mufuna kupaya munthu pa klorini?" Anaima pomwepo akupuma mwamphamvu, osagwa, osakomoka, ndipo fungolo aliyense wa m'komboni amalidziwa. Phokoso linayamba kutsika, amene anali ndi miyala anayamba kuigwetsa mwakachetechete kumbuyo kwawo.

Pamenepo, zinthu zitatembenuka kale, ndi pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinaimika kiyi m'mwamba n'kuyamba kukuwa kuti ndine wa komiti, bambowa atumidwa ndi sukulu, Lolemba kubwera oyendera, kodi anthu inu simufuna ana anu aphunzire? Ndinakuwa kwambiri, mwinanso kuposa mayi wa mowa uja, moti apolisi ndi ahedi pofika anapeza ine ndili pakati, nditagwada, ndikupukuta bambowo magazi ndi mpango wanga. Amene anamva yankho langa loyamba anali ochepa, ndipo iwowo anali oyamba kuzemba. Ahedi atandifunsa ngati ndinayenda m'makomo, ndinati ndinayenda koma ena sindinawapeze. Anangondiyang'ana, kenako anakwera galimoto limene linanyamula wovulalayo.

Makalasi awiri amene anatsala anamalizidwa ndi amuna a mphunzitsi wina tsiku lotsatira, atcheya ataimirira pageti. Lolemba oyendera anabwera, anasamba m'manja pandowa zathu, anayeza mipata ya madesiki, n'kuvomereza kuti titsegule. Mwana wanga anabwerera kusukulu, analemba mayeso, anakhoza. Koma mbiri imene inayenda m'komboni inali yoti mayi wa komiti ndi amene anapulumutsa munthu kumoto. Kumpingo anandiimiritsa kutsogolo n'kundiombera m'manja, abusa amvekere tikufuna amayi olimba mtima ngati awa. Ine ndinaima pamenepo ndikumwetulira mkati mwa masiki, thukuta likuyenderera kumsana. Za mayi wa mowa uja palibe anatchula, poti dzina la wogulitsa mowa silimveka bwino paguwa. Iye sanadandaulepo, ndipo mpaka lero ndikamupatsa moni amangoyankha bwinobwino, koma ndimakayika ngati sanamve zimene ndinanena.

Kuchipatala sankalola ozonda odwala chifukwa cha matendawo, ndipo kunena zoona lamulo limenelo linandikomera. Ndinangomva kuti diso lija madokotala alephera kulipulumutsa. Atatuluka ndinakhala milungu itatu ndikuzengereza, mpaka tsiku lina ndinagula shuga ndi buledi n'kukwera minibasi, kenako kuyenda wapansi kulowa mu Misisi. Akazi awo anandilandira ngati m'bale wotayika, anandikumbatira osasamala za korona, akulira, akuti pakanapanda ine bwenzi ali namfedwa, ndipo akuti amanditchula dzina m'pemphero tsiku lililonse. Bambo aja anali atakhala pampando panja, nsalu yoyera ili padiso, ataonda. Anandipatsa moni mwaulemu monga kale, anafunsa ngati ana ayamba kuphunzira, anafunsanso amene anamaliza makalasi awiri aja, akuti zinkawavuta mumtima kuti anasiya ntchito yapakati.

Kenako anatuma akazi awo kuti akagule mafuta ophikira pakantemba, ndipo atangokhota pakona, bambowo ananditembenukira ndi diso lotsalalo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ninakuonani, ba mai. Ninamvela na vamene munakamba." Ndinagwa pansi n'kugwada pafumbi, misozi yokhayokha. Iwo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anati mantha amawadziwa, mwina iwonso akanakhala ine akanachita chimodzimodzi, ngakhale sakukhulupirira. Za pachibowo ndi zoti ndinawanamiza kuti anthu auzidwa, anati zimenezo ndi zapakati pa ine ndi Mulungu. Koma anandipempha chinthu chimodzi, kuti akazi awo ndisadzawauze. Akuti chichitikireni ngoziyo, mayiwo ankaopa munthu aliyense, ngakhale kupita kotunga madzi, ndipo chimene chinkawalimbitsa mtima n'choti m'chigulu chonse chija munapezeka mlongo mmodzi wa kumpingo amene anaimirira. Anati zimenezo ndisawalande. Atamva mapazi akubwera anandiuza kuti ndidzuke msanga, ndipukute m'maso, ndipo ndinadzukadi n'kukhala pampando ngati mlendo wabwino, n'kumwa tiyi amene mayiwo anandiphikira.

Pempho limenelo ndalisunga zaka zonsezi, ndipo ndi chilango chimene sindikanatha kudzisankhira ndekha. Akazi awowo anamwalira chaka chathachi akundiyesabe mpulumutsi, n'chifukwa chake tsopano ndamasuka kulemba. Bambo aja ali moyo, koma zopopera anasiya, ndiye amakhala pamsewu kukonza maambulera ndi nsapato.

Kale ndinkakhulupirira kuti pa zinthu zotere olakwa ndi okhawo ogenda miyala, ndipo ife ena ndife anthu abwino amene tangopezekapo. Lero sinditero. Ogenda aja sankadziwa kuti munthuyo ndi ndani, ankaganiza kuti akuteteza ana awo, pamene ine ndinkadziwa zonse, ndipo buloko lija linaponyedwa nditayankha ine. Ndiye inu a m'makomiti, a sukulu kaya a mpingo kaya a msika, mliri wina ukadzabwera, poti udzabwera, ndipo mwapatsidwa ntchito yooneka yaing'ono yokauza anthu, pitani tsiku lomwelo, ndowa ndi sopo zidzakupezani. Ndipo mukadzapezeka pagulu, munthu ali pansi, wina n'kukufunsani ngati mukumudziwa, musadikire kuti muone kaye kumene mphepo ikulowera. Ine ndinadikira mphindi zosakwana ziwiri, ndipo bambo aja akuyenda ndi diso limodzi.